Mapaipi Opindira pa Bondo

Ku Biwi, kumene ndinaphunzirira umakaniko, munthu sankadandaula kuti sipeya sinakwane. Ankaikwanitsa. Amene anandiphunzitsa ntchito anali bambo wamfupi wa mawu ngati hutala ya lole, ndipo lamulo lawo linali limodzi: mwini galimoto asadziwe kuti unavutika. Ukapita kwa iwo n'kunena kuti, "Bwana, paipi iyi siikufika," ankakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kukufunsa ngati Mulungu anakupatsa mawondo kuti uzingogwadira m'tchalitchi. Ndiye tinkapinda. Paipi yochotsa pa minibasi yakufa inkalowa pa pikiapu, ya pikiapu inkalowa pa chigayo, mwiniwake n'kuchoka akuimba mluzu. Ine ndinali katswiri pa zimenezi. Ndinkadziwa pogwira, ndinkadziwa pokanikiza, ndipo chitsulo chisanafike pothyoka ndinkachimva m'manja.

Ku Leicester, kuno kutsidya kwa nyanja, ndinabwera motsatira mkazi wanga, amene ndi nesi. Luso langa linatsala pa bwalo la ndege, chifukwa kuno ntchito imafunsa pepala, pomwe pepala langa linali zipsera za m'manja. Zaka zinayi ndinakhala ndikunyamula makatoni m'maweyahausi, nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu, ndikulamulidwa ndi kachipangizo kovala pamkono kamene kankalira ndikangochedwa pang'ono. Zinkandiwawa kwambiri. Ndinkabwerera kunyumba ku Braunstone nditatupa, ndipo ana ankadziwira pa katsekedwe ka chitseko kuti lero bambo asaputidwe.

Amene ananditulutsa m'makatoni anali madala ena a ku Zambia, obadwira ku Chipata, amene tinkapemphera nawo limodzi pa gulu lathu la Amalawi. Ine ndinkangowatchula kuti madala, iwo n'kumanditchula kuti mufana, ngakhale ndinali ndi ana awiri komanso dazi litayamba kuonekera. Ankagwira ntchito pa fakitale ina yaing'ono kunja kwa mzinda, yopanga mapaipi a mainjini: odutsa oyilo, odutsa dizilo, odutsa madzi. Iwo ndi amene ankayendetsa makina opindira mapaipiwo. Makinawo anali aatali ngati minibasi. Ukalowetsa paipi yowongoka, ankaigwira, kuitembenuza, kuipinda, kuikankha, kuipindanso, mpaka itatuluka yokhotakhota monga pulani yanenera. Ntchito ya madala inali kutenga manambala a pa pulani n'kuwalowetsa m'makinamo, ndipo anali ataigwira zaka zoposa khumi popanda wowaloza chala. M'mawa uliwonse ankapukuta makinawo ndi kansalu kawokawo. Munthu akayerekeza kuikapo kapu ya tiyi, tsiku lonse ankamva Chinyanja chimene sanachiphunzire.

"Makina sanama, mufana," ankatero. "Onama ni anthu."

Iwo ndi amene anakandilankhulira kwa supavaiza. Anati akudziwa munthu amene injini amaimva ngati mwana wake, ndipo akalakwa adzayankha ndiwo. Ndinalowa kudzera ku ejensi yopezera anthu maganyu, kutanthauza kuti uthenga umodzi wa pa foni unali wokwanira kundibwezera ku makatoni. M'mawa uliwonse hafu faivi galimoto yawo inkaima pa geti pathu, mkati muli fungo la mankhwala opaka m'mawondo ndi nyimbo za kwaya. Sanandilipiritsepo.

Chakumapeto kwa 2017 kunabwera ntchito yaikulu. Kampani ina yopanga mainjini, ulendo wa ola limodzi kuchoka kwathu, inali kukonza injini yatsopano ya dizilo yoika m'mathirakitala okumba. Kale, akuti, makampani oterewa ankangotumiza pulani yomalizidwa, fakitale yaing'ono n'kupanga osafunsa kanthu. Koma m'zaka zimenezo kachitidwe kanali katasintha. Ankafuna kuti ife opanga mapaipi tikhale nawo kuyambira pachiyambi, tiziyesa, tizidandaula, iwo n'kumakonza pulani, mpaka mbali zonse ziwiri zitakhutira. Zikatero pulani inkatsekedwa, kutanthauza kuti onse asaina ndipo palibenso wosintha ngakhale kadontho. Mapaipi ankayamba kupangidwa ambirimbiri kuchokera pamenepo.

Anatitumizira injini imodzi yosalira, itakhala pa chimango chachitsulo, ndipo tinaiika pakona kuseri kwa mzere wachikasu. Anatitumiziranso injiniya wawo, mayi wamtali wa tsitsi lofiira, amene ankabwera Lachinayi lililonse. Sankakhala muofesi. Ankavala mabutsi, n'kukhala pa kireti pafupi ndi injiniyo, kabuku kali pamwendo. Tsiku loyamba anatisonkhanitsa tonse, ngakhale osesa, n'kutiuza m'Chingerezi chawo chothamanga kuti, "Ine ndimajambula pa kompyuta. Amene mumagwira chitsulo ndinu. Chilichonse chimene chakuvutani, ngakhale chaching'ono bwanji, ndiuzeni pulani isanatsekedwe."

Ine ndinagwedeza mutu ngati anzanga onse. Koma mumtima ndinawamva mawuwo monga timamvera munthu akati "mudzatiyendere", pomwe tonse tikudziwa kuti ukafikadi adzadabwa. Ndinati ndi ulemu chabe wa anthu ophunzira. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma chiyambire sindinaonepo mwini nyumba akufunsa mmisiri waganyu kuti denga likhale lotani.

Popeza ndinkadziwa injini, supavaiza anandipatsa ntchito yoyesa. Madala akapinda paipi yatsopano, ine ndinkapita nayo pa injini ija, kuimangirira, n'kulemba pa fomu ngati yakwana kapena ayi. Ndinanyada nayo ntchito imeneyi kuposa mmene inaliri. Patapita zaka ndinali nditagwiranso sipanala, ndipo kunyumba ndinayamba kutseka chitseko mwaulemu.

Paipi imene inandigwetsa inali yopititsa oyilo ku tebo, kachipangizo kozungulira kamene kamakankhira mpweya mu injini. Inali yaitali ngati mkono wanga, yopindika malo asanu. Tsiku limenelo madala anapinda khumi ndi awiri oyesera. Mwa dongosolo, mapaipi oterewa ankayamba kaye apita pa makina oyezera, koma woyezayo sanabwere tsikulo, ndipo galimoto yodzawatenga inali yoti ifika fili koloko. Supavaiza anangoti ndiwayese pa injini, akakwana apite.

Ndinatenga yoyamba. Kumunsi nati inalowa bwinobwino. Kumtunda, kukamwa kwa paipi kunaphonya malo ake pang'ono chabe, ngati kunenepa kwa timitengo tiwiri ta machesi, koma nati inakana kugwira. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu chimodzimodzi. Ndikanakonda ndikananena kuti ndinaima n'kuganiza, koma ndingakhale ndikunama. Manja anayamba okha. Ndinapondetsa phazi pa chimango, kuika paipi pa bondo, chala chachikulu apa, chikhatho apo, n'kukanikiza kamodzi. Nditaibwezera, nati inayenda ndi zala zokha mpaka kumapeto. Chimwemwe chimene ndinamva sindingachibise. Ndinapinda onse khumi ndi awiri imodziimodzi, kuseri kwa injini kumene kunalibe wondiona, ngakhale sindinali kubisala. Pa fomu ndinachonga kuti akwana, n'kusaina dzina langa.

Mapaipi atsopano amabwera atapakidwa kaoyilo koteteza dzimbiri, ndiye pa bondo la ovolosi yanga panatsala mzere wakuda. Madzulo ndikulowa m'galimoto, madala anauyang'ana n'kuseka.

"Manje wayamba kugwada mu oyilo, mufana? Usanidetsere mpando."

Nanenso ndinaseka, n'kuyala nyuzipepala pa mpando.

Lachinayi lotsatira injiniya uja anabwera akumwetulira. Mapaipi anali atamangidwa pa mainjini awo oyesera, ndipo onse anali atakwana. Tinasonkhana pafupi ndi injini yathu, supavaiza ali pomwepo, madala ali pomwepo. Mayiyo anatsegula kabuku kawo n'kunditchula dzina. Analitchula molondola, chinthu chimene supavaiza anali asanachikwanitse.

"Munawamangirira ndinu. Panali vuto lililonse?"

Ndinati panalibe.

"Nati sinalimbe? Simunakakamize paliponse?"

Ndinati ayi.

"Ngakhale kanthu kakang'ono. Ino ndiyo nthawi yake, chifukwa mawa tikutseka pulani."

Katatu konse. Ndakhala ndikudzifunsa chimene chinanditseka pakamwa, ndipo mayankho ndili nawo ambiri, onse oona, koma palibe limene limandiyeretsa. Mayiyo anali mlendo wathu, munthu wa madigiri, ndipo kumene ndinakulira suuza mlendo pamaso pa bwana wako kuti ntchito yake ndi yokhota. Komanso sindinkadziwa ngati cholakwika chinali pulani yawo kapena kapindidwe ka madala, ndiye kutsegula pakamwa kunali kuchititsa manyazi mmodzi mwa awiriwo, ine waganyu wa ejensi. Koma choona chachikulu ndi chakuti sindinkaona vuto. Kwa ine, vuto limene wathana nalo si vutonso. Ndinali nditawathandiza mwakachetechete monga ndinaphunzitsidwira, ndipo ndinkadzimva kuti m'chipinda chonsecho mmisiri weniweni ndinali ine.

"Akwana onse, mayi," ndinatero.

Anatseka kabuku n'kunena kuti si kawirikawiri paipi yovuta chotero kukwana ulendo woyamba. Anthu anaomba m'manja. Mnzathu wina wa ku Spinney Hill, dera lina la mumzindamo, anabweretsa masamusa tsiku lotsatira, ndipo ine ndinadya anayi. Paipi imodzi mwa khumi ndi awiri aja anatibwezera itamangidwa kachikwangwani, ife n'kuitsekera m'kabati kuti ikhale chitsanzo. Mwezi wotsatira supavaiza anandiitana n'kundiuza kuti andichotsa ku ejensi, ndikhale wantchito wa pa fakitale, bola ndidutse miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa. Madala anandigwira paphewa m'galimoto n'kunena kuti sindinawachititse manyazi.

Nyengo yozizira inadutsa. Mitengo itayamba kuphukira, mapaipi oyamba ambirimbiri anapangidwa n'kutumizidwa. Patapita masiku awiri ndinaona supavaiza akutuluka muofesi nkhope ili psuu, foni ili kukhutu. Kumene amalumikiza mainjini kuja, mapaipi athu anali atakana kulowa. Anthu a kumeneko sapinda zinthu pa bondo. Chinthu chikakana amakoka chingwe, mzere wonse wa ntchito n'kuima, anthu n'kupinda manja kudikira.

Anatulutsa chitsanzo chija m'kabati n'kuchigoneka pa tebulo pafupi ndi paipi yatsopano. Ngakhale mwana akanaona kuti pa kupindika komaliza zikusiyana. Anayeza yatsopano pa makina, ndipo inagwirizana ndi pulani ndendende. Chitsanzo ndicho chinali chosemphana ndi pulani. Ndiye akuluakulu anafika pa ganizo limene kwa iwo linali lokhalo lomveka: tsiku la kuyesa lija madala anaona kuti mapaipi sakukwana, anasintha manambala m'makina kuti akwane, osalemba paliponse, kenako anabwezera manambala akale. Pa ntchito imeneyi, kusintha chinthu osalemba ndi mlandu waukulu kuposa kuswa makina. Kukana utachita ndi mlandu wochotsetsa ntchito.

Madala anakana. Anakana m'Chingerezi, anakana m'Chinyanja, anamenya tebulo. Anawachotsa pa makina n'kuwaika kolongedza katundu mpaka kafukufuku atatha, ndipo aliyense ankadziwa kuti akapezeka kuti ananama achoka. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, kuchoka ndi dzina la bodza, kukafunanso ntchito kuti?

Ine anandifunsa funso limodzi lokha, supavaiza akudutsa: "Tsiku lija anakwana, eti?"

"Anakwana," ndinayankha. Ndipo ndinadzitonthoza kuti sindinaname, popeza anakwanadi.

Kungoona mapaipi awiri aja pa tebulo ndinali nditadziwa zonse. Ndinati ndilankhula mawa, mitima ikatsika. Mawa lake ndinakumbukira kuti miyezi yanga yoyesedwa sinathe. Ndinakumbukira makatoni ndi kachipangizo kolira pamkono. Ndinadziuza kuti madala akhalitsa, sangawachotse, angowaopseza. Ndinadziuza kuti akatswiri apeza okha chifukwa china. Munthu akafuna kukhala chete, zifukwa zimabwera zokha ngati ntchentche pa mango.

Milungu itatu inatha. M'mawa uliwonse galimoto inkaima pa geti, ine n'kulowa, n'kupereka moni. Nyimbo za kwaya zinali zomwezo, koma madala anasiya kuimba nawo. Masana ndinkawaona patali atavala magalasi owerengera, akulimbana ndi tepi yomatira makatoni imene inkangowakakamira ku zala. Pa makina awo panaima munthu wa shifti ina, ndipo tsiku lina ndinaona kapu ya tiyi itakhazikidwa pamwamba pake. Madala anaiona nawonso. Anayang'ana kumbali, n'kupitiriza kumata. Nkhuyu zodya mwana zinali kupota wamkulu, mwanayo ali pomwepo, akutafuna buledi wake pa nthawi yopuma.

Choipitsitsa chinachitika Lamlungu la sabata yachitatu. Gulu lathu linkakumana masana mu holo ina yobwereka, mapemphero a eni ake akatha. Pa nthawi ya zopempha, mayi a kunyumba kwa madala anaimirira. Anali mayi ofatsa, ogwira ntchito kosamalira okalamba, osakonda kulankhula pagulu. Anati amuna awo akunamiziridwa kuntchito, sakudya, ndipo akupempha mpingo uwakumbukire. Wotsogolera anayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kugwera pa ine.

"Achimwene, inu mumagwira nawo limodzi, nkhaniyi mukuidziwa bwino. Titsogolereni."

Ndikanatha kukana. Ndikanatha kutsokomola n'kuloza kukhosi. Koma ndinaimirira, ndipo poti pemphero ndimalitha, ndinalitha. Ndinatchula Yosefe m'ndende, ndinatchula Danieli m'dzenje la mikango. Ndinapempha Mulungu amene amaona zobisika kuti aulule choonadi, achititse manyazi aliyense amene akudziwa kanthu n'kukhala chete, abwezeretse kapolo wake pa malo ake. Mawu ankangotuluka okha, osalala, ndipo anthu ankavomera mwamphamvu. Nditati ameni, holo yonse inati ameni, ndipo liwu la madala ndinalimva pakati pa onse.

Potuluka, mayi aja anandigwira dzanja ndi manja awiri, maso ali ndi misozi, n'kundipatsa kontena ya zitumbuwa kuti ndikapatse ana. Pa basi mkazi wanga anandiyang'ana n'kunena kuti, "Lero mwapemphera ngati nkhaniyi ndi yanu." Ndinamukalipira za ambulera imene anaiwala mu holo, mpaka anthu anatembenuka. Zitumbuwazo anadya ndi ana, ine ndinati m'mimba simuli bwino.

Lachinayi injiniya uja anabwera ndi chikwama chachitali. Anatiitana pafupi ndi injini ija: supavaiza, madala, woyeza, ndi ine. Anatulutsa mapaipi anayi akuda ndi ntchito, amene anawamasula pa mainjini oyesera, n'kuwandanda pa tebulo.

"Ndawayeza onse," anatero. "Makina akapinda zinthu, zimatuluka mapasa. Awa ndi a mimba imodzi, koma si mapasa. Kupindika komaliza kukusiyana pang'ono pa paipi iliyonse. Izi sizinachitike ndi manambala. Anapinda ndi munthu."

Anatembenukira kwa madala n'kuwafunsa mofatsa ngati anawakhudza ndi manja atawatulutsa m'makina.

Ndinayembekezera kuti akana monga ankakanira masiku onse aja. Koma madala anangoyang'ana pa tebulo, milomo ili yotseka. Injiniya anabwereza funsolo. Madala anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Supavaiza anatulutsa cholembera n'kuyamba kulemba.

Pamenepo ndi pomwe ndinalankhula. Sindikufuna wina aganize kuti kunali kulimba mtima. Anthu amene anagwira mapaipi aja tsiku lija tinali awiri okha, ndipo funso lotsatira linali kubwera kwa ine. Ndinangotsogola ndi mphindi zochepa. Ndinatsegula pakamwa, Chingerezi chonse n'kuthawa. Ndiye ndinapita pa mulu wa mapaipi obwezedwa, kutenga imodzi, kupondetsa phazi pa chimango, kuiika pa bondo, n'kukanikiza. Ndinaimangirira pa injini onse akuona, ndipo nati inayenda ndi zala mpaka kumapeto. Ku Biwi akanandiombera m'manja. Kuno kunangoti zii, ine nditaima ndi mzere wakuda pa bondo, mutu uli zyoli.

Injiniya sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Ndinakufunsani katatu."

Ndinati ndikukumbukira.

"Nanga bwanji simunandiuze? Chimene bondo lanu linadziwa tsiku lija ndicho chimene ndinkabwerera kuno sabata iliyonse."

Mayiyo anamasula paipi ija n'kupita nayo. Patapita masiku zinadziwika kuti ku kampani yawo anali atasuntha pang'ono pokhalira tebo, pulani ya paipi n'kutsalira m'mbuyo. Ndikananena tsiku lija, inali ntchito ya tsiku limodzi. Pulani yatsopano itabwera, kupindika komaliza kunali pafupifupi kwa bondo langa, koma sindinapeze ponyadira. Anandipatsa chenjezo lolemba, kundichotsa pa ntchito yoyesa, n'kuwonjezera miyezi yanga yoyesedwa. Madala anawabwezera pa makina tsiku lomwelo la mapaipi anayi. Supavaiza anawapepesa ndi mawu ochepa ataima pakhomo, ndipo chinthu choyamba chimene madala anachita chinali kutulutsa kansalu kawo.

Titaweruka sindinapite koimika magalimoto. Ndinatulukira geti lina n'kukaima pa siteji ya basi, mvula yowaza ikundinyowetsa. Sipanapite nthawi, galimoto ija inaima patsogolo panga, windo n'kutsika.

"Lowa, mufana."

Ndinalowa. Tinayenda mtunda ndithu. Titaima pa maloboti ndinayamba: "Madala, ine ndakulakwirani. Sindikudziwa kuti ndiyambire pati."

"Usavutike," anatero. "Ninadziwa."

Ndinawayang'ana.

"Tsiku lija anagoneka mapaipi awiri pa tebulo, ninakumbukira bondo lako. Mzere uja wa oyilo. Ninati, aa, mufana wanga."

"Milungu itatu yonseyi? Bwanji simunanene?"

"Ninene kwa ndani? Ninakubweretsa ndine. Nipite kwa supavaiza nikakambe ati munthu amene ninamuikira kumbuyo ni wabodza? Na ana ako awiri?" Maloboti anasintha, iwo analowetsa giya. "Ine ninakana chabe zimene sininachite. Zako zinali zako. Ninali kuyembekeza ukambe wekha. M'mawa uliwonse ukalowa muno, ninali kutsitsa wailesi pang'ono."

Zinali zoona. Ndinali nditaona kuti nyimbo zatsika, koma ndinkaganiza kuti ndi chisoni chawo.

Tinalowa mu Braunstone, kudutsa paki, kudutsa mashopu. Ndinkafuna msewu utalike kapena utheretu, sindikudziwa. Ataima pa geti pathu sanazimitse injini. Anagwira chiwongolero ndi manja awiri, akuyang'ana kutsogolo.

"Pa Sande paja," anatero, "pamene unali kupemphera, ine sininatsinzine. Ninafuna kuona nkhope yako."

Ndinagwira chitseko kuti nditsike.

"Unapemphera bwino, mufana. Ninavomera ameni na mtima wonse." Kenako anati, "Mawa hafu faivi. Usachedwe."

Anabweradi m'mawa mwake, ndi m'mawa wina uliwonse mpaka pamene anapuma pa ntchito. Nkhaniyi sanaitchulenso, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale mayi a kunyumba kwawo sanawauze zonse, chifukwa anapitiriza kunditumizira zitumbuwa za ana. Kontena zake ndinkabweza nditatsuka ndekha. Pa gulu lathu anthu amadabwa kuti munthu amene ankatha pemphero chotere anatani. Mpaka lero wotsogolera akanditchula, ndimapempha kuti asankhe wina.